Chikoti m'Jekete pa Tsiku la Makolo

Moni nonse abale anga mwa Ambuye, amene mumandidziwa ndi amene simundidziwa. Ndine Tembo, mlimi wa thonje ndi mtedza wa kumidzi ya ku Mkaika. Ena a inu munandiona chaka chatha ndikuyenda ngati wolodzedwa, osayankha moni, ndipo munkanong'onezana kumbuyo kwanga. Lero mumve kwa mwini wake. Mwana wanga wamkazi anamuipitsira dzina pamaso pa sukulu yonse, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuchita chinthu chimene bwenzi lero mukundipititsira chakudya kundende.

Mwanayo ndi Nelia, ndipo ndi yekhayo amene ndili naye. Amayi ake atamwalira, akuchikazi a ku Vubwi, kumalire a dziko lino, anandilola kuti ndikhale naye chifukwa cha sukulu basi, apo ayi akanamutenga monga mwa mwambo wathu. Ndinamuika pa sukulu ina ya pulayiveti kufupi ndi Katete, yogonera komweko, ndipo thonje langa lonse linkathera kumeneko popanda ine kudandaula. Anali mu giredi 9, ndipo ndiye ankatsogolera kwaya imene inkakonzekera kukapikisana ndi masukulu ena ku Chipata. Pa sukulupo pali kalabu ya ana atolankhani. Lolemba lililonse pa asembule amawerenga nkhani za mpira, za mtsutso, za dimba la sukulu, kenaka n'kumaliza ndi tinkhani toseketsa ta zimene zamveka m'mahositelo. Nelia ankabwera nato kunyumba tinkhani timeneti ndipo tinkaseka tonse.

Pakati pa temu yachiwiri, atabwera kudzacheza kumapeto kwa sabata, mwanayo anakula. Ine sanandiuze, ndipo sakanatero. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anaimbira foni mlamu wanga aNaphiri, mkulu wake wa malemu mkazi wanga. ANaphiri ndi ine sitimwerana madzi. Ndi mayi wa mawu ngati bingu, wosuta fodya wa m'mphuno, amene kutchalitchi amangopitako pa maliro, ndipo ine amandiitana kuti mkamwini ngati ndinakwatira dzulo. Anabwera, anamutenga mwana n'kupita naye ku Vubwi kuti akakhale m'nyumba alangizidwe ndi amayi.

Patatha masabata awiri mtima wanga unali m'mwamba chifukwa cha mayeso. Ndinakwera galimoto n'kukafika komweko, ndipo ndinalimbikira kuti mwana abwerere ku sukulu tsiku lomwelo. ANaphiri anati, "Alamu, namwali sachoka m'nyumba mwakachetechete ngati wakuba. Dikirani timutulutse pabwalo anthu amuone." Ine ndinayankha kuti mayeso sadikira ng'oma. Ndinamutenga. Nelia anabwerera ku sukulu ali wometa mpala, wowondako, woyang'ana pansi polankhula ndi akulu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ku Katete amene anaona kumene anali.

Lolemba lotsatira, atamaliza za mpira, mwana wowerenga nkhani ananena pa maikolofoni kuti zamveka kuti mbalame ina yoimba bwino ya mu giredi 9 inapita kumalire kukataya katundu amene inanyamula m'mimba, ndipo yabwerako yopepuka. Dzina sanatchule, koma kwaya ili ndi atsogoleri angati? Sukulu yonse inatembenuka kuyang'ana mwana wanga. Anyamata anaimba mluzu. Iye anaima pomwepo mpaka asembule inatha, kenaka anakagwa m'hositelo.

Anandiitanitsa ku ofesi. Munali a hedi, aphunzitsi ena aamuna awiri, ndi Madamu Sakala, amene ankayang'anira kalabu ya atolankhani ija. A hedi anandifunsa mwaulemu kumene mwana anali masabata awiri aja. Abale, inu a kwathu kuno mukudziwa. Bambo angatsegule pakamwa pamaso pa amuna anzake n'kunena kuti mwana wake wamkazi wakula? Ndinangoti, "Pepani, zimenezo ndi za azimayi, ine sindinganene." Madamu Sakala anamwetulira n'kunena kuti, "Mwamvatu a hedi, even bambo wake akuvomera." A hedi anati mwana ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani izizire, chifukwa makolo ena ayamba kuimba mafoni. Ndinatuluka ndi Nelia ndi katundu wake pamutu, ana akusuzumira m'mawindo.

Masiku amene anatsatira sindiwafunira ngakhale galu. Nkhani inafika kumudzi ife tisanatsike m'minibasi. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula Nelia akafika. Mwamuna wina wa zaka zanga, wa akazi awiri kale, anatuma munthu kudzandifunsa ngati ndingamupatse mwanayo popeza tsopano wazidziwa. Nelia analeka kudya, analeka kutuluka, ndipo mabuku ake anawaika pansi pa bedi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Atate, kusukulu sindidzapitanso, kulikonse kumene kuli sukulu." Pamenepo ndinaona kuti zonse zimene ndinalonjeza amayi ake ali pa mphasa ya imfa zikuthera m'manja mwanga.

Kenaka ndinamva mmene zinayendera. Mlonda wa pa geti, amene timapemphera mpingo umodzi, anandiuza kuti ana sawerenga kanthu pa asembule Madamu Sakala asanavomereze, ndipo kankhani kaja sanalembe ana, madamuwo ndiwo anabwera nako okha. Anandiuzanso kuti amene watenga malo a Nelia mu kwaya ndi mwana wa mchemwali wawo wa madamuwo. Ndinapita kukadandaula, koma madamu ndi msuweni wa mwini sukulu, khoswe wa pamkhate, ndipo a hedi anangondiuza kuti aziona.

Ndinamuda mayi uja, ndinene poyera. Ndinamuda ndikudya, ndinamuda ndikupalira, ndinamuda ndili pa benchi m'tchalitchi. Mapemphero anga a masiku amenewo sanali okoma kuwamva. Ndinkapempha Mulungu kuti amugwetse pamalo pomwe anagwetsera mwana wanga, anthu omwewo akuona, ndipo kuti ine ndikhalepo. Abusa anandiyendera n'kundikumbutsa kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinawayankha kuti ndikudziwa, koma Mulunguyo akuchedwa, ndipo ngati akufuna dzanja loti agwiritse ntchito, langa lilipo.

Kumapeto kwa temu sukulu imachita tsiku la makolo, pamene ana amaonetsa zimene amachita m'makalabu awo. Ndinaganiza kuti tsiku langa ndi limenelo. Ndinatenga chikoti chimene ndimakusira ng'ombe za pangolo, ndinachidzoza mafuta kuti chifewe, ndinachipinda n'kuchilowetsa m'jekete yanga yopita nayo kutchalitchi. Ndinkafuna kuti madamu akadzaimirira kuitana atolankhani ake, ndidzamuthyape pamaso pa makolo onse, zina zikaoneke ku polisi. Nelia ndinamusiya ali chigonere, sindinamuuze kanthu.

Ndinakhala pa benchi lachitatu. Ana a sayansi anaonetsa mbaula yophikira ndi zitsononkho, a dimba anabweretsa kabichi wamkulu ngati mutu wa ng'ombe, a mtsutso anakangana m'Chingerezi mpaka thukuta. Makolo ankaomba m'manja, ine dzanja lili m'jekete. Madamu Sakala anali kutsogolo atavala suti yobiriwira, akuseka mokweza ndi mwini sukulu. Ndinati mumtima, seka mayi iwe, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kwaya itaimirira, mwana wa mchemwali wake ali patsogolo pamalo a Nelia, maso anga anachita mdima. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, Ambuye, ngati muli ndi njira ina ionetseni tsopano, chifukwa nyimbo iyi ikatha ine ndikuimirira.

Nyimboyo sinathe. Kugeti kunamveka nthungululu ndi ng'oma. Galimoto ya kantala yodzaza fumbi inali itaima pamenepo, ndipo amayi asanu ndi mmodzi anatsika atamanga zitenje m'chiuno, aNaphiri ali patsogolo. Pakati pawo ankayenda munthu wofunditsidwa chitenje chatsopano kuyambira kumutu. Mlonda uja anatsegula geti yonse osafunsa munthu. Amayiwo analowa pabwalo akuimba nyimbo yotulutsira namwali, ndipo anayala mphasa patsogolo penipeni pa tebulo la akuluakulu.

A hedi anaimirira kuti awaletse, koma anachedwa. Makolo ambiri pa sukulu ija ndi alimi a ku Sinda, ku Katete ndi kumidzi yozungulira, ndipo palibe mayi wa kwathu kuno amene saidziwa nyimbo imeneyo. Anayamba kuyankha mmodzimmodzi ali m'mabenchi, kenaka anaimirira, ena atavala nsapato zazitali, n'kupita kukazungulira mphasa. Panalibenso chofotokoza. Aliyense anadziwa kumene mwana uja anali masabata awiri aja, ndi chifukwa chake bambo wake anakanika kunena.

Ng'oma zitaleka, aNaphiri anafuula osafuna maikolofoni. "Ali kuti mkamwini wathu? Abwere avundukule mwana wake!" Ndinaimirira. Jekete ndinaivula n'kuisiya pa benchi ndi zonse zimene zinali m'katimo, chifukwa sindikanapita nazo pa mphasa ija. Ndinagwada, ndinaika mphatso yanga m'mbale monga timachitira, ndipo ndinavundukula chitenje. Anali Nelia, atadzozedwa mafuta, mikanda ya malemu amayi ake ili m'khosi. Pamenepa mwambo umalola bambo kulankhula. Ndinati, "Mwana wanga, wakula. Dzutsa mutu." Anaudzutsa, ndipo ine ndinalira pamaso pa amuna anzanga.

Kenaka aNaphiri anatembenukira ku tebulo. Anati, "Mwana uyu anagona m'nyumba mwanga, pambali panga, ndipo mboni zake ndi amayi awa. Tsopano amene anamuona akutaya katundu kumalire aimirire, atiuze tsiku ndi nyumba yake. Ifetu kumalireko ndi kwathu." Makolo anayamba kufunsa mokweza kuti analemba ndani, ndipo mtsikana amene anawerenga kankhani kaja anayamba kulira n'kuloza Madamu Sakala. Mwini sukulu anasuntha mpando wake kuutalikitsa kwa msuweni wake. Mayi uja anafuna kulankhula koma amayi anamukuwiza mpaka anakhala pansi, nkhope ili m'manja. Ine ndinali pomwepo, ndinaona ndi maso angawa, ndipo sindikunamizani kuti ndinamumvera chisoni. Mtima wanga unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Pambuyo pake ndinafunsa mlamu wanga kuti anamva bwanji, popeza ine ndinali nditamubisira poopa kuti andilanda mwana. Anati bodzalo linayenda lokha ndi amayi ogulitsa zovala za salaula mpaka linakafika pa msika wa ku Vubwi, ndipo wina anamuuza iye mwini osadziwa kuti akunena za mwana wa mng'ono wake. Ananyamuka dzulo lake, anagona panjira, ndipo anafika kunyumba kwanga ine nditangochoka. Onani ntchito za Mulungu, abale. Bodza lomwelo ndi limene linakaitana munthu wodzalipha, ndipo munthuyo ndi amene ine ndinkati sadziwa Mulungu. ANaphiri sanandisiye osandibaya. Anati, "Mwaona alamu? Mayeso anadikira ng'oma." Ndinangoti zikomo amayi.

Madamu Sakala anamuchotsa pa kalabu sabata yomweyo, ndipo temu yotsatira sanabwererenso pa sukulupo. Asanapite anabwera kwathu ndi achibale ake, anagwada pakhomo n'kupereka nkhuku yopepesera. Nelia anamukhululukira pomwepo, mwana ameneyu ali ndi mtima wa amayi ake. Ine ndinalandira nkhukuyo, ndinaipha, ndipo ndinaidya mpaka kuphwanya mafupa. Kukhululuka ndikuphunzira pang'onopang'ono, abusa akudziwa pamene ndafika, ndipo inunso muzindipempherera.

Temu yachitatu itatsegulira ndinamuperekeza Nelia mpaka pa geti. Linali Lolemba ndipo asembule inali itayamba. Ndinaima kunja kwa mpanda ndikumva atolankhani aja akupepesa pa maikolofoni, akutchula dzina lake lonse ndi la bambo wake. Iye anadutsa pakati pa mizere mutu uli m'mwamba, n'kukaima kutsogolo kwa kwaya. Mayeso analemba ndipo anakhoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira dzanja langa nthawi itatsala pang'ono, n'kundibwezera mwana wanga ndi dzina lake loyera. Iwe mbale wanga amene akunamizira ndipo pakamwa pako pamangika, ndikudziwa mmene magazi akuwirira. Sindikuuza kuti usakwiye, chifukwa ine ndinakwiya mpaka kuwonda. Koma pirira pang'ono, ndipo umuuze Mulungu zonse mmene zilili ngakhale zikhale zonyansa kumva. Ine ndikanaimirira mphindi imodzi m'mbuyo, Nelia akanavundukulidwa bambo wake ali m'maunyolo, ndipo mawu oti dzutsa mutu akanasowa wowanena. Ambuye alemekezeke. Ameni.