Chitsime cha Kuseri kwa Mabango

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine mayi Tembo a ku Kalikiliki ku Lusaka, ndipo ndikufuna mumve momwe mdzukulu wanga Dalitso anatsalira pang'ono kutisiya chifukwa cha madzi. Nkhaniyi ndikaikumbuka mtima umandiwirabe.

Pamene tinkafika kuno kuchokera ku Petauke, kumunsi kwa komboni kunali dambo. Mvula ikagwa, dambolo linkamwa madzi onse, ndipo zitsime zathu sizinkauma ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kenaka anthu anayamba kulikwirira ndi zinyalala n'kumadula mapuloti, aliyense chimbudzi chake pafupi ndi chitsime cha mnzake. Mvula nayo inasintha khalidwe. Chaka china imabwera yonse nthawi imodzi n'kusefukiza zimbudzi, chaka china osaoneka n'komwe. Ndiye mumve anthu akuti Satana watiukira, chonsecho mawilibala a zinyalala ankawakankha okha dzuwa likuwala.

Chaka cha chilala chija magetsi ankabwera ngati mlendo, ndipo pampopi pankangotuluka mphepo. Chitsime chathu chinatsala matope onunkha. Makala owiritsira madzi anakwera mtengo moti tinkasankha pakati pa kuphika ndi kuwiritsa. Dalitso, yemwe anali atangoyamba kuyenda, anayamba kutsekula m'mimba. Kukiliniki anamuika diripi, n'kutiuza kuti tizimumwetsa madzi aukhondo okha. Aukhondowo ndikawatenga kuti? Tikabwerera kunyumba, matenda ankayambiranso. Maso a mwana analowa m'kati, ndipo kulira komwe anasiya.

Sindinapemphere mwaulemu ayi, ndinachita kukalipa. Ndinati, "Ambuye, munatulutsapo madzi m'thanthwe. Lusaka yonse ndi miyala yokhayokha, ndiye mukudikira chiyani?"

Yankho linabwera ndi munthu amene sindikanamusankha. Bana Chanda ndi mayi wachibemba wouma mutu, amene anakana kugulitsa kachigawo kotsala ka dambo chifukwa amadulamo bango lolukira mphasa. Komboni yonse inkawanena kuti akuweta udzudzu ndi achule, ndipo ine ndi iwo moni anali wa pakamwa chabe. Tsiku limenelo anafika pakhomo ndi chigubu pamutu.

"Amai Tembo, namvela ati mwana adwala. Tengani manzi aya, muikemo klorini. Mailo mukabwele mutape mweka, ine msana ubaba."

M'mawa mwake ndinapita kudambo kwawo kukatunga ndekha monga ananenera. Kuseri kwa mabango, kutali ndi zimbudzi, kunali chitsime cha madzi oyera oonekera pansi, pomwe zathu zonse zinali zitauma. Dambo laling'ono lija linali likugwirabe ntchito imene Mulungu analipatsa. Tinamumwetsa Dalitso madzi amenewo pamodzi ndi mankhwala a kukiliniki. Anasiya kutsekula, anayamba kudya phala, mpaka tsiku lina anandiluma chala ine n'kuseka ndi misozi.

Koma anthu samva, abale. Mvula isanagwe n'komwe, odula mapuloti anabweranso ndi chingwe chawo, ati pamabangopo pakhale mashopu. Ndinabereka Dalitso kumbuyo, n'kukakhala pansi m'matope pambali pa Bana Chanda. Ndinawauza kuti akafuna kukwirira ayambe ndi ine. Azimayi amene ankatunga nafe anabwera n'kukhalanso pansi, ndipo amuna aja anapinda chingwe chawo akung'ung'udza. Ndikudziwa kuti adzabweranso, ndipo adzatipeza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Inu amene muli m'mayesero musaleke kupemphera, ndipo musanyoze khomo limene thandizo lingatulukire. Koma Mulungu akakupatsani chitsime, musachikwirire ndi zinyalala kenaka n'kumamufunsa komwe wabisa madzi. Udzudzu wa Bana Chanda ukutilumabe, ndipo ndimadandaulabe. Koma Dalitso ali moyo, ndipo pano ndi amene amathamangitsa achulewo.