Miyala ya Padenga Pathu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga, kaya muli kunyanja kuno kaya kutali. Ine ndine mayi wa ku Liwaladzi, ku Nkhotakota. Ndimayanika ndi kugulitsa usipa, ndipo ndakulira mu mpingo wa Angilikani. Umboni wanga ndi wa chivomerezi, komanso wa amuna anga, a Phiri, amene sakanatha kuchithawa.

A Phiri anali msodzi wa chilimira, khoka lalikulu lokokera usipa, munthu wamphamvu zake. Sitiroko itawagwira, mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kuthawiratu. Kumva amamva zonse, koma kuyankha kwawo kunali kugwedeza mutu, kapena kumenya bedi ndi dzanja lamanzere akakwiya. Kuti atuluke panja pamafunika anthu owanyamula. Ana athu ali kutauni, ndiye ine ndikapita ku thandala kukayanika usipa, iwo amatsala okha m'nyumba.

Nyumba imeneyo anamanga okha akadali bwino. Njerwa zowotcha, zomangira matope poti simenti inatikanika, pamwamba malata. Unali ulemu wawo wonse. Koma inu akunyanja mukuudziwa mwera, mphepo ija ya panyanja, ukalusa umasasula denga ngati ukusenda nthochi. Ndiye a Phiri anachita zomwe mudzi wonse umachita, anasanja miyala ikuluikulu padenga kuti malata asauluke. Tinali titakonzekera mdani amene timamudziwa.

Tsiku lomwe ankakweza miyalayo kunadutsa NyaGondwe, mayi wochokera ku Karonga amene anasamukira kuno ndi banja lake. Mayi ameneyu sapsatira mawu. Anangoima panjira n'kunena kuti, "A Phiri, miyala imeneyo tsiku lina idzatsikira pamutu pa munthu." Eee, amuna anga anapsa mtima! Anati mayiyo akuwatemberera chifukwa cha nsanje, ndipo kuyambira pamenepo moni anamudula. Zaka zinapita osalankhulana.

Chivomerezi choyamba chinabwera m'mawa ndikutsuka mbale pakhonde. Ndinayesa lole yaikulu ikudutsa pa msewu wa M5, koma phokoso lake linkachokera pansi pa mapazi anga. Mbale zinagundana, nkhuku zinabalalika, kenaka zii. Nditathamangira kuchipinda ndinapeza khoma lang'aluka kuchokera pawindo mpaka pamwamba. Gebulo, khoma losongoka lija lofika kudenga, inali itapendekera mkati, pamwamba penipeni pa bedi. A Phiri anali chigonere, maso ali pa njerwazo, osatha ngakhale kudzikwawitsa.

Abale anga, mantha amene ndinali nawo sindingawafotokoze. Anthu ankati chivomerezi sichiyenda chokha, chinzake chimatsatira. Ndinasamutsira bedi pabalaza, koma uko nako kunali gebulo yake, ndipo pakhomo potulukira ndi pomwe panali miyala yambiri padenga. Tinayesa kugona panja, koma udzudzu ndi mphepo zinawapatsa chifuwa, tinabwereranso m'nyumba. Ku thandala ndinkangokhala thupi lokha. Njinga yamoto ikangolira, mtima umati phaa, ndayamba kale kuthamanga.

Mmisiri wina atabwera kudzaona anati nyumbayo ikufunika kuigwetsa, kumanganso ndi simenti, zitsulo ndi lintala kuzungulira. Ndinangoseka, kuseka kwa munthu wothedwa nzeru. Usipa wanga ungagule zitsulo?

Masiku omwewo anandiimbira foni Tadala, mwana wa mng'ono wanga, amene ali pasukulu ku Japan. Anati, "Amayi aakulu, musaope. Kuno zivomerezi n'zozolowereka. Foni imalira kukuchenjezani, nyumba zimangogwedezeka osagwa, ana kusukulu amaphunzitsidwa kubisala pansi pa desiki. Ngakhale mapiri ophulika moto ali ndi anthu olembedwa ntchito yongowayang'anira." Mwanayo ankafuna kunditonthoza, koma anandiswa mtima.

Ndinakhala pansi n'kumaganiza. Nthaka ndi imodzimodzi, ikagwedezeka uko ndi kuno kugwedezeka kwake n'komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti dziko la anzathu lili ndi chuma. Likhoza kugula makina omvera pansi, kulamula kamangidwe, ndipo anthu ake n'kukwanitsa kumvera lamulolo. Ife dziko lathu likulimbana ndi njala, mankhwala m'zipatala, madzi osefukira chaka ndi chaka. Chivomerezi chobwera mwa apo ndi apo chimakhala kumapeto kwa mzere. Sindinkada munthu ayi, koma ndinaona ngati umphawi watiweruza kale, tikungodikira tsiku.

Pakati pa sabata ndinalowa m'tchalitchi muli zii, mopanda munthu. Ndinagwada, ndipo ndikuuzeni zoona, pemphero langa linali la mkwiyo. Ndinati, "Ambuye, kodi osauka munatilengera kufera pansi pa njerwa zathu zomwe? Munthu uja munamulanda miyendo, ndiye athawe ndi chiyani? Sindikupempha nyumba ya ku Japan. Ndionetseni chimene munthu wa manja opanda kanthu angachite." Ndinalira mpaka mutu kuwawa, ndipo ndinatuluka osamva yankho lililonse.

Kutacha, ndili ku thandala, ndinangoona NyaGondwe waima pambali panga. Anati, "Amama, ndamva khoma lanu lang'aluka. Tiyeni ndikaone." Ndinafuna kukana poganiza za amuna anga, koma iye anali atayamba kale kuyenda.

Atazungulira nyumba, anakhala pakhonde n'kundiuza zimene anali asanandiuzepo. Chivomerezi chachikulu chija cha ku Karonga chinamupeza ali konko. Anaona nyumba za njerwa ndi matope zikugwa, pamene a nyumba za bango ndi udzu ankatuluka akungodzisasa fumbi. Mkulu wake anathyoka mwendo pakhomo pa nyumba yake yomwe, mwala wa padenga utamugwera akuthawa. Mpamene ndinazindikira kuti mawu aja anauza a Phiri sanali temberero. Anali mawu a munthu amene anaona ndi maso ake. NyaGondwe anati, "Chivomerezi pachokha sichipha, amama. Chimapha n'cholemera chimene chili pamwamba pa munthu. Simenti mulibe, koma kuchotsa zolemera sikufuna sitolo."

Nzeru yake inali yakuti titsitse miyala yonse, malata tiwamange ndi zingwe ku mitanda. Kenaka tiphwasule magebulo onse awiri, m'malo mwa njerwa tiikemo bango n'kumata dothi pang'ono chabe. Khoma long'aluka tilichirikize ndi mitengo, bedi likhale patali nalo. Akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Vuto linali a Phiri. Nditawafotokozera, anamenya bedi mpaka dzanja kufiira. Ndinawamvetsa. Kwathu kuno munthu akachoka pa bango n'kufika pa njerwa zowotcha ndiye kuti watukuka, ndipo kubwerera ku bango ndi manyazi. Choipitsitsa, nzeruyo inachokera kwa mayi amene iwo sankamupatsa moni. Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Bambo, ine ndinakwatiwa ndi inu, sindinakwatiwe ndi njerwa. Anthu aseke, bola ndizikupezani amoyo ndikamabwera ku thandala." Anatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ikutsika. Patapita nthawi dzanja lija linagona phee pabulangete, ndipo ndinadziwa kuti alola.

Amuna a NyaGondwe anabwera ndi anzawo a m'boti. Bango anakalitenga kumathiriro a mtsinje wa Bua, amayi anzanga a kutchalitchi anathandiza kuponda dothi ndi kumata. Zingwe zomangira malata zinali za chilimira chakale cha a Phiri, chimene chinkangowola kuseri kwa nyumba. Anthu odutsa sanalephere kutiseka. Wina anakuwa ali panjira kuti, "Kwa a Phiri chitukuko chikuyenda chobwerera m'mbuyo!" Ndinamuyankha kuti akamaliza kuseka adzatithandize kunyamula miyala. Kunena zoona zinandiwawa, koma ndinapirira.

Patapita milungu ingapo, masana dzuwa lili paliwombo, chinabweranso. Ichi chinali chachikulu kuposa choyamba. Thandala linavina, usipa unakhuthukira mumchenga, ine n'kugwa chagada. Nditadzuka ndinathamanga ngati mtsikana, nsapato ina kutsala m'njira. Ndinkadutsa makomo a anzathu miyala ya padenga ili mbwee pakhomo, ndipo pa nyumba ina gebulo yonse inali itagwera m'chipinda. Mwa chisomo cha Mulungu eni ake anali kumunda. Ine pakamwa panga panali mawu amodzi okha, "Yesu, Yesu, Yesu."

Ndinakankha chitseko, m'nyumba muli fumbi lokhalokha. Ndinaitana, osamva kanthu. Kenaka ndinamva kutsokomola. Abale, sindinamvepo nyimbo yokoma ngati chifuwa chimenecho! A Phiri anali pabedi pawo, atayera ndi fumbi kumutu mpaka kumapazi. Dothi lomata lija linali litayoyokera pabulangete, tizidutswa tating'onoting'ono. Pamwamba pawo bango linali chiimire, kuwala kwa dzuwa kukulowera m'mipata. Ndinayang'ana tizidutswato n'kukumbukira njerwa zimene zinali pamalo amenewo.

Ndikuwapukuta kumaso, ndinaona kuti sakuyang'ana ine. Ankayang'ana kukhomo. Kumeneko kunaima NyaGondwe, wefuwefu, poti anandithamangira pambuyo ine osadziwa. A Phiri anakweza dzanja lamanzere, lomwe lija lomenyera bedi. Anayesa kuyankhula, analimbana, analimbananso, mpaka mawu anatuluka: "Ye... wo." Yewo ndi zikomo m'chiyankhulo cha kwawo kwa NyaGondwe. Chigwireni sitiroko, amenewo anali mawu awo oyamba. Mayi wosasowa chonena uja anangogwira pakamwa ndi chitenje n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, tonse tikulira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wokwiya. Sanatitumizire simenti kapena foni yochenjeza. Anatitumizira munthu amene tinkamudutsa panjira tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti bango likuposa zitsulo ayi. Ndikupempherabe kuti dziko lathu lidzapeze chuma, zidzukulu zathu zidzagone m'nyumba zolimba ndi kuphunzira kusukulu zochita nthaka ikagwedezeka. Koma podikira tsikulo, tisakhale manja lende. Mwera wa chaka chino wabwera ndi ukali wake wonse, ndipo zingwe za chilimira zagwira denga osasuntha. Ena mwa otiseka aja abwera kudzafunsa kamangidwe kake, ndipo tawaonetsa ndi mtima umodzi.

Inu amene muli pa mayesero, kaya ndi matenda kaya ndi mantha osowa nawo kothawira, musaleke kupemphera ngakhale pemphero likutuluka ndi misozi ya mkwiyo. Ndipo yankho likabwera litavala chitenje cha munthu amene simumuyembekezera, musalibweze pakhomo. Mukamaliza kuwerenga, tulukani panja muyang'ane padenga panu.

Miyala yathu ija tinaiunjika pansi pa mtengo wa mango. Masiku ano tikawatulutsa a Phiri kuti awothere dzuwa, NyaGondwe amabwera n'kukhala pa mwala waukulu kwambiri, womwe unali pamwamba pa chitseko. Ndipo moni amayambitsa ndi a Phiri. Ambuye alemekezeke. Amen.