Musasiye, Alamu!

Tsiku limene mdzukulu wawo woyamba ankatuluka m'chipatala, a Kalipentala anadzuka akuimba mluzu, mapazi osagunda pansi, koma kabedi kamene analumbira pamaso pa banja lonse kuti mwanayo adzagonamo kanali kasanathe. Mayi a kunyumba anali atanena mosapsatira: galimoto ikafika kabedi kali zidutswa, mwana agona m'ka pulasitiki kogula kusitolo, ndipo mmisiri wa zaka makumi atatu aone kumene akabise nkhope. Ndiye a Kalipentala anaitana alamu awo, mlongo wa mayiwo, mlonda wopuma pantchito, munthu woti ukamuuza kuti aime apa umam'peza pomwepo ngakhale mvula igwe ya matalala.

"Alamu, gwadani apa. Kumbatirani kabedika, dzanja ili kumutu, ili kumiyendo. Panani mwamphamvu kuti guluu agwire."

Alamu anagwada, natambasula manja mpaka pothera. Mbali ya kabediyo inali isanaikidwe timizati, choncho chifuwa chitagunda thabwa, mutu unalowa m'kati ngati wa munthu wosuzumira pawindo.

"Koma alamu, si izo zopanira zili m'katoni pamwamba pa kabati? Zija anakugulirani akamwini anu?"

"Zisiyeni izo! Mkamwini wamuofesi andiphunzitse ine ntchito? Chitsulo sichimva, alamu. Munthu ndiye amamva."

"Chabwino. Ndigwire mpaka liti?"

"Ola lathunthu. Osati zija munachita pa tebulo lija, kusiya guluu asanaume."

"Munakuwa nokha kuti siyani."

"Ndinali nditadzikhoma chala! Munthu akadzikhoma chala amanena zilizonse. Lero mvetsetsani: ngakhale ineyo nditakuwa kuti siyani, musasiye. Ngakhale nditagwada. Ngakhale nditalira."

"Ngakhale mutalira."

"Eya. Ndiponso musandilankhulitse, ndikuwerenga."

A Kalipentala anatenga kathabwa kawo ka mabowo, kamene anakasema okha ndipo ankakanyadira kuposa satifiketi ya ukwati. Ukakagoneka pathabwa, choboolera chimalowa pamalo pake penipeni, ndipo mpata wa pakati pa timizati umakhala zala zitatu basi, kuti mutu wa khanda usadutse. Anayambira kumanzere: kuboola, kupaka guluu, kukhoma chikhomo. Kenaka analumphira kumanja, akuvina ndi mapewa.

"Agogo! Ineyo agogo! Chisanu, chisanu n'chimodzi..."

"Alamu."

"Shii! Chisanu n'chiwiri."

"Alamu, pali ka nkhani."

"Nkhani madzulo! Chisanu n'chitatu!"

Alamu anatseka pakamwa, pakuti lamulo ndi lamulo. Utuchi unkawagwera padazi, iwo osaphethira n'komwe.

"Taonani kukongola kwake!" anatero a Kalipentala akubwerera m'mbuyo, kamzati kamodzi kali m'manja. "Katsala kamodzi. Kameneka n'ka pati?"

"Ndilankhule?"

"Lankhulani!"

"N'ka pamene pali khosi langali."

A Kalipentala anayang'ana. Timizati tinali ndondondo kumanzere, ndondondo kumanja, ndipo pakati penipeni panali khosi la alamu, mutu uli m'kati mwa kabedi, thupi lonse lili kunja.

"Aaa! Nanga osanena bwanji?"

"Munati mukuwerenga."

"Tulutsani mutuwo msanga!"

"Sutuluka. Ndinayesa kale ndi khutu limodzi pamene munali pa chisanu n'chiwiri."

"Pamene mutu unalowa uyenera kutulukira pomwepo!"

"Unalowa pali bwalo, alamu. Mwamangapo mpanda."

Foni inalira pabenchi. Anali mayi a kunyumba, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe: anyamuka kuchipatala, mwana wafanana ndi agogo ake mphuno, afika pakangotha mphindi makumi awiri. A Kalipentala anayankha kuti zonse zili m'malo mwake, n'kuika foni pansi.

"Mlongo wanu ali m'njira. Pendeketsani mutu."

"Ndapendeketsa."

"Pindani makutu."

"Ndipinde ndi chiyani? Manja ali pantchito."

A Kalipentala anawapindira okha makutuwo, nakankha pachipumi. Makutu anangoti phwa, kubwerera m'malo mwake. Anathamangira kubafa, nabwera ndi sopo, napaka masaya, makutu ndi dazi lomwe mpaka alamu anang'anima ngati mbale yotsuka kumene.

"Kokani tsopano!"

"Sopoyu ngonunkhira bwino. Mumagula kuti?"

"Alamu!"

"Ingochotsani kamzati kamodzi, guluu sanaume."

"Ine? Kuchotsa chimene ndakhoma? Zaka makumi atatu sindinazulepo chikhomo changa! Vuto si kamzati, vuto ndi mutu wanuwu. Kwanu konse mitu ndi yomweyi."

"Mlongo wanga ndimuuze zimenezo?"

A Kalipentala anayang'ana wotchi, nayang'ana kamzati kawo kokongola, mtima ukuwawa ngati akuzula dzino labwinobwino. Anatenga hamala, natseka diso limodzi, nagogoda. Kamzati kanagwera m'kati, ndipo mpata unatseguka woti ngakhale dzungu likanadutsa.

"Eko! Njira ndi imeneyo. Bwererani m'mbuyo."

Alamu sanasunthe.

"Ndati bwererani m'mbuyo!"

"Ndikabwerera m'mbuyo manja asiya."

"Asiye! Siyani!"

Alamu anamwetulira, thovu la sopo lili pansidze. "Aaa, alamu. Mukundiyesa."

"Sindikukuyesani! Siyani!"

"Ndi mmene munakuwira pa tebulo lija."

"Lero sindinadzikhome chala! Onani, zala zonse khumi!"

"Munati ngakhale inuyo mutakuwa."

"Amene ananena zimenezo ndi ine, amene akuzichotsa ndi ine yemweyo!"

"Woyamba uja anandichenjeza za wachiwiriyu."

A Kalipentala anazungulira benchi kawiri, atagwira m'mutu. Anaona kale m'maganizo mwawo kabedi ka pulasitiki kakulowa pakhomo pawo masana dzuwa likuswa mtengo, anansi akusuzumira pampanda. Anagwada pansi, maondo ali pa utuchi, nayang'anana ndi alamu kudzera pa timizati.

"Alamu anga, mwana wa apongozi anga, ndagwira mwendo wanu. Siyani."

"Ee, kugwada kuja ndi kumeneku," anatero alamu mokhutira. "Kwatsala kulira."

"Mufuna mdzukulu wanga apeze munthu wandevu m'bedi mwake?"

"Mwakemo muli mutu wokha. Malo alipo ambiri, tigawana."

"Ndikupatsani jekete langa lachikopa lija."

"Pachipata paja ankandilonjeza zoposa jekete. Sindinatsegulepo."

"Ndikutekenyani m'khwapa!"

"Yesani. Ndikaseka ndimafinya kwambiri, kabedi kathyoka."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Kalipentala, ya ukali ndi ya kuseka pamodzi, chifukwa munthu wotere anamuitana okha ndiponso anamulangiza okha.

"Ndiye kulira kuja," anatero alamu. "Zonse zitatu zakwana. Kwatsala mphindi makumi atatu ndi zisanu."

"Galimoto ifika pa mphindi zisanu! Tandiuzani, pantchito panu paja munkachoka bwanji pachipata?"

"Mlonda sachoka mnzake asanafike. Akabwera wondilandira, ndimam'patsa chipata, ine n'kumapita."

"Ndigwire ine!"

"Nanga timizati akhoma ndani?"

A Kalipentala anakweza mutu. Pang'onopang'ono maso awo anakwera pamwamba pa kabati, pamene katoni ija inakhala miyezi isanu ndi itatu ikusonkhanitsa fumbi.

"Musayang'ane," anatero akukwera pampando.

"Ndiyang'ane kuti? Khosi lili kumodzi."

Anang'amba katoni, natulutsa zopanira ziwiri zazitali, zonyezimira. Anakoleka chimodzi m'mwamba, china m'munsi, napotokola zogwirira zake. Matabwa anakumana bwinobwino, guluu n'kutuluka m'mphepete kamzere kowongoka. Mumtima anavomereza kuti manja a munthu sanapanepo chonchi, koma pakamwa sanatero.

"Okulandirani afika. Perekani chipata."

Alamu anayang'ana chopanira cham'mwamba, nayang'ana cham'munsi. "Mwaziuza kuti ndi ola lathunthu?"

"Zamva! Tulukani!"

Alamu anamasula manja, nasolola mutu, naimirira akuwongola msana. Hutala inalira pageti. A Kalipentala anagoneka kathabwa ka mabowo, kuboola, kupaka, kukhoma. Kuboola, kupaka, kukhoma. Chikhomo chomaliza chinalowa chitseko chikutseguka.

Analowa mayi a kunyumba, kenaka mwana wawo wamkazi atafukata kamtolo ka nsalu zoyera, pambuyo pake mkamwini atasenza zikwama. A Kalipentala anasuzumira m'kamtolomo, naona kamphuno kawo komwe.

"Ababa, kabedi kokongola bwanji!" anatero mwana wawo. "Koma amalume, sopo kumutuko?"

"Ndinali pantchito," anayankha alamu.

Mkamwini anaika zikwama pansi, maso ali pa zitsulo zija. "Bambo! Mwazitsegula? Paja munkati chitsulo sichimva?"

A Kalipentala anapotokola chogwirira pang'ono, chopanira n'kumasuka. Anachibweza, n'kugwiranso. Anayang'ana alamu awo kuyambira kudazi mpaka kuphazi.

"Mkamwini, mawa mukandigulire zina zinayi. Izi ndiye zimamva: ukati siya, zimasiya."