Nkhwangwa ya Tsiku la Sadaka

Chaka chimene ndinalowa chikamwini ku Nkaya, sitima ikuimabe anthu n'kumagulitsa nzimbe pamawindo, apongozi anga aamuna anamwalira. Dikirani kaye adzukulu anga inu, njingayo itsamizeni, msika wa Ntaja suthawa. Mukuti mukukagula nkhwangwa? Mtima wanga sukukhazikika.

Pokonzekera sadaka ya masiku makumi anayi, ntchito yowaza nkhuni inagwera ine mkamwini, ndipo zipika zake zinali za tsanya, mtengo wouma ngati mwala. Kalelo nkhwangwa sitinkangotola pamphasa ngati lero, iyayi, munthu unkapita kwa wosula n'kudikira masiku atatu. Wosula wathu, Che Jafali, anandiuza kuti, "Ambuje, pirirani, chitsulo chikhwime, mpini uume." Koma ine, pofuna kuonetsa mphamvu kuchikamwini, ndinathamangira kumsika n'kugula yonyezimira, yopaka utoto wofiira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

M'mawa wa sadaka ndinayamba kuwaza amayi akutsuka miphika chapafupi. Akazi anga, agogo anu Abiti Saidi, anaima nati, "Bambo, nkhwangwayo ikugwedera, simukuimva?" Ndinayankha mwamwano kuti za nkhwangwa azisiyire amuna. Nditakantha kachitatu, m'manja munangotsala mpini. Chitsulo chinaguluka, chinauluka, ndipo chinakatera paphazi pawo.

Ana inu, magazi aja ndimawaonabe. Ndinawabereka mpaka kunjanji kuti tikakwere sitima yopita kuchipatala, ndikufuula ngati wamisala, koma iwo kumsanako ankangoti, "Musagwe nane, yendani bwino." Bala linapola, koma mtsempha unaduka. Inu munawadziwa akutsimphina, ndipo mukafunsa ankati ndi minga ya kumunda. Sinali minga. Ndinali ine. Zaka zonse zija sananditchulepo pagulu, ndipo apita kumanda ndi chinsinsi changa.

Tsono mukafika kumsikako musayang'ane utoto wa nkhwangwayo. Muigogode ndi kachitsulo, ikalira "ngwee" ndiye yakhwima, ikati "phu" isiyeni. Mpini ukhale wouma, wopanda mfundo kapena mng'alu, ndipo muugwedeze mwamphamvu, chitsulo chisasunthe ngakhale pang'ono. Isakulemereni kuposa mkono wanu. Wogulitsa akamakufulumizitsani, ndiye pochokera pomwepo.

Basi, nyamukani dzuwa lisanakwere. Koma podzawaza muzidzayamba mwatembenuka kuona amene waima pafupi nanu, chifukwa nkhuni zikatha tidzatola zina, koma phazi la munthu silimeranso.