A Nanyerere ndi Zingwe za M'munda wa Malalanje

Mayi amene tikuwaperekeza lero, omwe tonse tinkawatchula kuti a Nanyerere, anabadwa m'chaka cha 1957 m'kanyumba ka pafupi ndi njanji, komwe bambo awo ankayang'anira siteshoni. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu anaiyamba mochedwa koma sanabwerezepo kalasi. Kuyunivesite anasankha maphunziro a tizilombo, ndipo pa tizilombo tonse mtima wawo unagwa pa nyerere. Azakhali awo anadandaula kuti mwana wapita kutali kukaphunzira zinthu zomwe anzake amangosesa ndi tsache. Dzina lija linabadwira pamenepo, iwo n'kulilandira ndi manja awiri.

Mu 1984 anakwatiwa ndi aphunzitsi akhala apowa. Bambowa anazolowera kupeza timabotolo ta nyerere pamalo poika shuga, ndipo akuti anakwiyapo kamodzi kokha.

Malemuwa anagwira ntchito zaka 31 kumalo ofufuzira zaulimi. Mfundo yawo inali imodzi: nyerere zofiira zosoka masamba m'mitengo zimadya mbozi zoononga zipatso, choncho alimi asamaziphe ndi mankhwala. Pofuna kutsimikiza izi, ankamanga zingwe kuchokera mtengo wina kufika wina kuti nyerere zizioloka. Chaka china analumikiza mitengo yonse ya m'munda woyeserera, osadziwa kuti munali mabanja awiri a nyerere. Zinakumana pachingwe, zinaphana sabata yathunthu, ntchito ya zaka zinayi n'kuthera pompo. Akuluakulu anati munda upoperedwe basi. Mayiwa anapempha nyengo imodzi yokha. Anayamba kutola nyerere ya mtengo uno n'kuiika pa mtengo uwo: ikalandiridwa amange chingwe, ikalumidwa apake mitengoyo penti yosiyana. Mitengo mazana anayi, umodziumodzi, manja ali otupa. Malalanje a chaka chimenecho anapsa opanda mbozi. Amene timayendayenda takumanapo ndi alimi omanga zingwe zotere, osadziwa n'komwe nkhope ya mayiwa.

Kutchalitchi ankaimba kwaya ndi kuyendera odwala. Abusa akalalikira za khama la nyerere, ankawatsatira panja n'kuwauza mwaulemu kuti zina n'zaulesi, anaziona ndi maso awo.

Mu 2021 anayamba kudwala shuga, ndipo maso anachita mdima buku lophunzitsa alimi lisanathe. Sanagonje. Iwo ankayankhula, amuna awo n'kumalemba, nthawi zina pabedi la kuchipatala. Tsamba lomaliza linalembedwa Lachiwiri, ndipo anatisiya Lachinayi m'mawa. Malemuwa anasiyira anzawo a kuntchito mawu akuti bukulo lisagone m'kabati, lifike kwa alimi mitengo isanachite maluwa. Akuntchito, mawuwo mwawamvanso pamaso pa anthu.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri, wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu, mng'ono wawo ndi alongo awo awiri.

Ntchito yawo anaimaliza. Apumule mu mtendere.