Mwana wa a Bonifasi

Pa siteji ya Mtakataka, bambo wina anakhala pafupi ndi mayi wa dengu la usipa, onse akudikira galimoto.

"Ulendo wa kuti, bambo?"

"Kunyanja, mayi. Ndikukatenga mwana wanga Mayeso. Amalume ake anamusiyitsa sukulu, ati azikakoka nawo makoka."

"Nanga si ntchito imeneyo? Bola akudya."

"Akusuta, mayi. Amalume akewo ndi amene amamupichirira chamba, ati chimathamangitsa kuzizira pamadzi. Pano akapanda kusuta, sadya, sagona."

"Mayi ake akutipo chiyani?"

"Amaopa achimwene awo. Ine ndikatsegula pakamwa amandikumbutsa kuti ndine mkamwini, pamudzi paja ndinafika ndi kachikwama kokha."

"Komatu sakunama. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Akakuthamangitsani."

"Andithamangitse. Mawa tili kuchipatala ku Mua. Tikachokako, azikalima ndi ine, mzere wake pambali pa wanga."

"Nanga mnyamatayo akakana? Mukamumanga ndi chingwe?"

"Si mbuzi. Ndikakhala pamchenga pomwepo, akapita pamadzi azindisiya, akabwera azindipeza, mpaka atatopa nane."

"Ine ndikuona kuti amalume ake sakakulolani."

"Mayi, sabata yathayi mwanayo anavula zovala zonse pamsika wa Golomoti, akuimba. Anthu anadzaza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula amalume ake. Onse ankangoti, 'Mwana wa a Bonifasi uja wapenga.' A Bonifasiwo ndine. Manyazi anthuwo anandipatsa ine, ndiye amalumewo andipatsenso mwanayo."