Misomali ya Achimwene

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1978, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndine mng'ono wawo. Zina m'mbiriyi ndi zotiweramitsa mitu, koma eni ake anatilamula kuti tisadumphe.

Anamaliza sekondale mu 1996, maphunziro a makompyuta mu 2001. Mu 2004 anakwatira alamu athuwa, omwe ankadandaula kuti anakwatiwa ndi msana, popeza nkhope inkakhalira pakompyuta.

Ntchito yawo inali yolemba mapulogalamu. Ankatifotokozera kuti pulogalamu ikamagwira ntchito imangodziwa kuti yalandira mndandanda. Za m'kati mwake, kaya ndi manambala kaya ndi mawu, siidziwa, pokhapokha wolembayo ataiuza kuti iyang'ane chimodzichimodzi.

Mu 2015 bungwe lina lolipirira ana sukulu linawapatsa ntchito yosankha opambana. Pofulumira, anauza pulogalamu kuti iyang'ane malikisi oyamba okha ngati ali manambala, ngati wogula nyemba woona pamwamba pa thumba. Pansi pamndandandawo malikisi a mtsikana wina analowetsedwa ngati mawu, pulogalamu n'kuwawerenga ziro. Mwana amene anaposa onse anatsala.

Anazindikira mu 2017, bungwelo litatseka kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Palibe anawafunsa, koma anasiya ntchito okha. Ife abale, ndi manyazi, tinkauza anthu kuti akuvutika maso. Kunyumba anayamba kugwira ndi kuyang'anitsitsa dzira lililonse m'thireyi, ana n'kumawaseka.

Mtsikana uja anamupeza akugulitsa penti ndi misomali m'sitolo ina. Ankapita kuti akapepese, koma akafika pakauntala ankangogula misomali. Misomaliyo yadzaza ndowa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso. Ali m'chipatala anatituma kuti tikamuuze zonse mtsikana uja, amene tsopano ndi mayi, ndi kumupempha abwere. Mayiyo anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kunena mwaulemu kuti makasitomala akudikira. Malemu anatisiya Lachiwiri lapitali, maso ali kuchitseko.

Asiya mkazi, ana atatu ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza anamwino, anansi, anzawo akuntchito ndi nonse mwabwera kudzatipepesa. Mpando wopanda munthu uli kutsogolowu tinasungira mayi uja, ndipo sitikumuimba mlandu.

Mzimu wa achimwene uuse mumtendere, umene pansi pano anachita manyazi kuupempha.